Kalata Yotseguka kwa Mkulu wa Asilikali a Dziko la Malawi

Wolemekezeka Bwana Mkulu wa Asilikali,

Ndikulemba ngati nzika ya mzinda wa Zomba, womwe wakhala ndi asilikali kuyambira nthawi ya King's African Rifles, gulu la asilikali la m'nthawi ya atsamunda, monga chipilala cha chikumbutso chomwe chili pafupi ndi Cobbe Barracks chikuchitira umboni. Pempho langa likukhudza ulendo wobwerera wa akasinja ndi magalimoto ena olemera ankhondo maphunziro a kutchire akatha.

Msewu wa M3, womwe umalumikiza Blantyre, Zomba ndi Liwonde, ndi womwewo umene amadalira odwala opita ku chipatala chachikulu, ana asukulu, akabaza ndiponso amayi ogulitsa malonda pa Chinamwali, pomwe anthu amadzaza mpaka m'mphepete mwa phula. Galimoto yoyenda pa matcheni achitsulo imakanda phula, makamaka pokhota, ndipo dalaivala wake saona bwino zomwe zili pafupi naye. N'chifukwa chake ndikupempha kuti zida zotere zizinyamulidwa pa malole aatali opangidwira katundu wolemera, zitamangidwa bwino, apolisi apamsewu akutsogolera, komanso a Roads Authority atatsimikiza kuti milatho ya m'njiramo ipirira kulemera kwake. Sitikufuna kudziwa zinsinsi za usilikali ayi. Kulengeza pa wailesi maola omwe msewu udzakhale wotanganidwa n'kokwanira, ndipo kungachotse mantha ndi mphekesera zomwe zimabuka anthu akangoona mdipiti wa zida zankhondo.

Nkhani yomwe ikundidetsa nkhawa kwambiri ndi ya kutsuka ndi kusunga. Galimoto yochokera kutchire imabwera ndi matope osakanikirana ndi dizilo, girisi ndi oyilo, ndipo madzi otsukira akangotayidwa mu ngalande, mvula ya kuno, yomwe sichita manyazi, imawakokolera mu mtsinje wa Likangala. Mtsinjewu umathirira minda ya mpunga kumunsi usanakathire m'nyanja ya Chilwa, yomwe idalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa a padziko lonse wa Ramsar. Malo otsukira akhale a simenti, okhala ndi dzenje lolekanitsa mafuta ndi madzi, ndipo zidazo zisungidwe pansi pa denga, poti chinyezi cha m'tsinde mwa phiri la Zomba chimadyetsa chitsulo dzimbiri ndi kupha mabatire, pamene zipangizo zokonzera zimagulidwa kunja ndi ndalama za misonkho yathu.

Ndikupemphanso kuti asilikali asanachoke pamalo ophunzirira azifufuza zipolopolo zomwe sizinaphulike, ndi kudziwitsa mafumu a m'deralo, chifukwa ana otola zitsulo zokagulitsa sangasiyanitse chitsulo wamba ndi bomba.

Ine wanu mwaulemu,
Nzika ya ku Chinamwali, Zomba