Kuthokoza chifukwa cha thandizo pa kachipangizo koyezera kutentha kwa madzi

Kwa Mkulu wa Nthambi Yothandiza Makasitomala,

Bwana,

Ndalemba kalatayi m'malo mwa gulu lathu la alimi a nsomba kuno ku Mangochi, pofuna kuthokoza kampani yanu chifukwa cha momwe katswiri wanu anatithandizira pa kachipangizo ka Arduino komwe tinagula kwa inu, koyezera kutentha kwa madzi m'maiwe athu a makumba.

Tikakalumikiza ku kompyuta, pa serial terminal (zenera la pa kompyuta loonetsa zomwe kachipangizo kakutumiza) sipankaoneka kanthu m'mawa wonse, koma masana dzuwa likaswa mtengo pankatuluka chizindikiro cha ! chokhachokha, moti ambiri tinkati kaonongeka. Katswiri wanu atawerenga pulogalamu yake, anatifotokozera modekha kuti inkatumiza manambala ndi Serial.write(), yomwe imatumiza nambala yonse ngati byte imodzi (kachidutswa kamodzi ka uthenga wa pa kompyuta), kuyambira 0 mpaka 255, pomwe terminal imatenga byte iliyonse ngati chilembo cha ASCII, ndondomeko yomwe imapatsa chilembo chilichonse nambala yake. Manambala osafika 32 alibe chilembo chooneka, n'chifukwa chake madigiri 28 a m'mawa ankabisika. 32 ndi mpata chabe, ndipo 33 ndiye! uja. Kachipangizoka kankayeza molondola nthawi yonseyi.

Anasintha n'kuika Serial.print(), yomwe imatumiza 28 ngati ma byte awiri, 50 wa chilembo 2 ndi 56 wa chilembo 8, ndipo manambala anayamba kuoneka pompo. Sanalekere pomwepo. Anatichenjezanso kuti tikalemba 30 pa kiyibodi pouza kachipangizoka malire a kutentha, chimene kamalandira ndi 51 ndi 48, nthawi zina motsatiridwa ndi 10 wosonyeza kutha kwa mzere, choncho pafunika Serial.parseInt() kuti zilembozo zibwerere kukhala nambala imodzi. Za liwiro lotumizira uthenga la 9600 baud, lomwe liyenera kufanana pa kachipangizo ndi pa kompyuta, anangotikumbutsa mwachidule.

Chimene chatikhudza kwambiri n'chakuti akanatha kutigulitsa kachipangizo kena ife osadziwa kanthu, koma anasankha kutiphunzitsa mpaka achinyamata athu atamvetsa. Madzi akatentha kwambiri mpweya umachepa m'dziwe ndipo nsomba zimavutika, kotero manambala amenewa ndi ofunika zedi kwa ife, makamaka m'mwezi wa Okutobala.

Tikupempha kuti mumufikitsire kuthokoza kwathu, komanso kuti muganizire zoika kapepala ka m'Chichewa kofotokoza kusiyana kwa Serial.write() ndi Serial.print() mu bokosi la kachipangizo kalikonse komwe mukugulitsa.

Ine wanu mokhulupirika,
Mlembi wa gulu