Kwa mwana wanga ku Glasgow, za digiri ya zaka zitatu ndi ya zaka zinayi

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti wadzuka bwino kumeneko. Kuno tonse tili bwino, amayi ako ndi achemwali ako akupereka moni. Chandilembetsa kalatayi ndi mawu amene unaponya pa foni Lamulungu lija, akuti mwina ungotenga digiri ya zaka zitatu n'kubwerako, poti anzako ena akuti digiri ndi digiri basi. Nkhani imeneyi ndi yokhalira pansi, si yokambirana mayunitsi akutha. Uiwerenge modekha usanalembetse makosi a chaka chachiwiri, chifukwa chaka chimene chidzagamule nkhaniyi ndi chomwe ukuyambachi. Ukadikira chachitatu udzapeza atagamula kale.

Ndiyambe ndi dzina la digiriyo, poti limasokoneza anthu kuno kwathu. Mayunivesite akalekale a ku Scotland, monga St Andrews ya 1413, Glasgow ya 1451 ndi Aberdeen ya 1495, komanso Edinburgh, amatcha digiri yoyamba ya maphunziro a Arts kuti MA. Ndi mwambo wawo chabe. MA yakoyo ndi yofanana ndi BA ya kwina, ndipo masitazi yeniyeni kumeneko kawirikawiri amaitcha MLitt kapena MSc. Ukadzabwera kudzafuna ntchito kuno usadzalole munthu kuganiza kuti uli ndi masitazi. Zikadzadziwika pambuyo pake udzaoneka wabodza pa chinthu chimene ukanangofotokoza ndi mawu awiri.

Tsono MA imeneyi ili pawiri. Ya ordinary ndi ya zaka zitatu, makirediti 360. Ya honours ndi ya zaka zinayi, makirediti 480. Chaka chilichonse ndi makirediti 120, ndipo kirediti imodzi amaiwerengera maola 10 a ntchito, kuphatikiza kukhala m'kalasi, kuwerenga pawekha ndi kulemba. Ndiye kuti kosi ya makirediti 20 ikufuna maola 200, ndipo chaka chonse maola 1,200. Ukagawa maola amenewa pa masabata a masemesita awiri uona kuti ndi ntchito ya tsiku lonse, Lolemba mpaka Lachisanu, ngakhale m'kalasi umangokhalamo maola owerengeka. Ambiri amanyengeka pomwepa. Amaona ndandanda ya makalasi ili ndi mipata yambiri n'kumayesa kuti ndi nthawi yopuma.

Kusiyana kwa madigiri awiriwa sikuthera pa chaka chimodzi chowonjezeracho. Pa ordinary amafuna kuti mwa makirediti 360 aja, osachepera 60 akhale a levulo 3, ndiye kuti makosi a mlingo wa chaka chachitatu, ndipo pa satifiketi sipalembedwa kalasi ya First kapena Second. Pa honours, zaka ziwiri zomaliza zonse umazama pa phunziro limodzi kapena awiri, umalemba kafukufuku wako wekha, ndipo digiriyo imatuluka ndi kalasi yake: First, 2:1 (Second yapamwamba), 2:2 (Second yotsika) kapena Third. Anthu akamafunsa kuti "unapeza chiyani?" amakhala akufunsa kalasi imeneyi.

Tsopano mvetsetsa apa, poti ndi pamene pagona nkhani. Kulandiridwa pa yunivesite sikukupatsa malo mu honours. Pakutha pa chaka chachiwiri pali khomo lina, ndipo salowapo aliyense. Ku Glasgow amagwiritsa ntchito mapointi 22. A1 mpaka A5 ndi 22 mpaka 18, B1 mpaka B3 ndi 17 mpaka 15, C1 mpaka C3 ndi 14 mpaka 12, D1 mpaka D3 ndi 11 mpaka 9. D3 ndiye kukhoza kotsikitsitsa. Kuti ulowe honours uyenera kukhala ndi makirediti 240 a zaka ziwiri zoyamba, avereji ya mapointi osachepera 9 pa onsewo, makirediti 200 okhala ndi D3 kapena kuposa, ndipo pa phunziro limene ukufuna kupitiriza, makosi ake a levulo 2 akhale ndi avereji ya 12, ndiye kuti C3, pa ulendo woyamba. Maphunziro ena amene amadzaza anthu amaika mlingo wokwera kuposa pamenepa, n'chifukwa chake uyenera kuwerenga buku la dipatimenti yako, osadalira zimene akuuza anzako a phunziro lina.

Tiye tiwerengere limodzi. Tinene kuti pa History ya semesita yoyamba wapeza C1, mapointi 14, ndipo pa yachiwiri wapeza D2, mapointi 10. Makosi onse awiri ndi a makirediti 20, choncho avereji ndi 12, walowa, koma mopulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Yachiwiriyo ikangotsika kufika pa D3, avereji ndi 11.5. Makosi onse wakhoza, palibe chimene walephera, kunyumba ukhoza kutiuza kuti mayeso ayenda bwino, koma khomo la honours latsekeka ndi theka la pointi. Ana ambiri amene amathera pa ordinary asakufuna amagwera pamenepa. Si mbuli ayi, anangozolowera kufunsa kuti "kodi ndakhoza?" pamene funso la chaka chachiwiri ndi lakuti "ndakhoza ndi zingati?"

Mawu aja akuti pa ulendo woyamba usawapeputse. Mayeso obwereza alipo, amalembedwa mu August, ndipo amathandiza kuti upeze makirediti amene unataya. Koma giredi ya mayeso obwereza amaidula, powerengera avereji siipitirira mapointi a D3 ngakhale utalemba bwino chotani, ndipo siilowa m'malo mwa ulendo woyamba pa nkhani ya honours. Wina akakuuza kuti usadandaule udzakonza mu August, dziwa kuti akunena za kupulumutsa chaka, osati kupulumutsa honours. Komanso August ndi mwezi umene timayembekeza kuti ubwere kudzationa, ndipo tikiti yosintha mochedwa imadula.

Zimene zimagwetsa magiredi nthawi zambiri ndi zinthu zazing'ono. Nkhani yolemba ukaipereka mochedwa amakudula masitepe awiri pa tsiku lililonse la ntchito. B2 yochedwa tsiku limodzi imasanduka C1, masiku awiri C3, masiku atatu D2. Akapitirira masiku asanu amaiika pa giredi yotsikitsitsa, yopanda pointi. Ntchito ya masabata atatu imatha choncho chifukwa cha kompyuta imene yazima usiku womaliza. Uzimaliza kutatsala masiku awiri, ndipo uzisunga zolemba zako malo awiri. Chinanso, kosi iliyonse imafuna kuti upereke gawo losachepera 75 peresenti la ntchito zonse zoyesedwa kuti akupatse makirediti ake. Ukasiya nkhani imodzi yolemera poganiza kuti udzakokera pa mayeso, ukhoza kumanidwa makirediti a kosi yonse. Ndipo makalasi aang'ono aja a anthu khumi ndi angapo, amene mumakambirana zimene mwawerenga, amalemba maina a obwera. Mu December kumeneko dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko madzulo, m'mawa kumacha mochedwa, mvula ili waa, ndipo bulangete limakoma. Dzuka ndithu, upite.

Ukadwala, kapena kuno kukagwa zovuta, Mulungu atiteteze, usakhale chete n'kukalemba mayeso mutu uli kwina. Yunivesite ili ndi njira yodziwitsira mavuto otere, ndipo ikavomereza, mayeso otsatira amawerengedwa ngati ulendo woyamba. Koma imafuna kuti unene m'masiku ochepa chabe ndiponso ukhale ndi umboni, monga kalata ya dokotala. Ife tinakulera kuti usamadandaule pagulu, ndipo n'zabwino, koma pa nkhani iyi mbewa ya manyazi idafera kuuna. Kunena patatha miyezi iwiri, zotsatira zitatuluka kale, kawirikawiri sikuthandiza.

Za kasankhidwe ka makosi. Chaka choyamba unatenga maphunziro atatu, lililonse makirediti 40. Chaka chino upitiriza awiri pa levulo 2, ndipo malo achitatu ukhoza kuikapo phunziro latsopano la levulo 1. Awiri amene upitirizewo onse akhale oti ungathe kuchita nawo honours. Usatenge limodzi lolikonda ndi lina longodzazira malo, chifukwa lolikondalo likakuterereka ndi theka la pointi lija, lachiwirilo ndilo lidzakulowetse. Pachitatupo usaikepo chilankhulo chatsopano kapena phunziro lina lofuna kuloweza tsiku ndi tsiku, pokhapokha ngati ulidi nalo mtima, chifukwa lidzadya maola a awiri ofunikawo. Uonenso ngati kosi ya honours imene ukuifuna ili ndi ina imene uyenera kuyamba wadutsamo. Zoterezi zimadziwika mochedwa, munthu ali kale m'chaka chachitatu.

Ukalowa, udzasankha pakati pa single honours ndi joint honours. Single ndi phunziro limodzi, makirediti onse 240 a zaka ziwirizo. Joint ndi maphunziro awiri ogawana pakati. Joint imaoneka yokoma pa pepala, koma madipatimenti awiri sapangana masiku operekera ntchito, ndipo sabata imodzi ukhoza kupezeka ndi nkhani zitatu zofunika nthawi imodzi. Ine ndikuona kuti iwe, mmene ndimakudziwira kuti umakonda kukumba chinthu chimodzi mpaka pansi, single ingakuyenere. Koma awa ndi maganizo a bambo chabe, ukafunsenso aphunzitsi ako.

Dziwanso kuti magiredi a zaka ziwiri zoyamba salowa m'kalasi ya digiri. Ntchito yawo ndi kukutsegulira khomo basi. Kalasi imachokera pa chaka chachitatu ndi chachinayi, ndipo mwachidule avereji ya A ndi First, ya B ndi 2:1, ya C ndi 2:2, ya D ndi Third. Chaka chachitatu chimawerengedwa ndithu, usachitenge ngati chopumira poti wangodutsa kumene pakhomo. M'zaka ziwirizi mulibe mayeso obwereza. Giredi imene wapeza ndi yomweyo.

Chaka chomaliza muli dissertation, kafukufuku wako wekha wa mawu pafupifupi 10,000 kapena kuposerapo, malinga ndi dipatimenti. Popanda kukhoza ntchito imeneyi digiri ya honours sakupatsa, ngakhale makosi ena onse ali bwino. Mutu wake umayamba kuganiziridwa chaka chachitatu chisanathe. Cholakwika chofala ndi kusankha mutu waukulu ngati nyanja. "Mbiri ya mishoni ku Malawi" si mutu wa mawu 10,000. Koma sukulu imodzi ya mishoni, m'zaka khumi zokha, pa funso limodzi, imeneyo ndi ntchito yotheka. Ndipo iwe uli ndi mwayi umene anzako alibe. Makalata ndi zolemba zambiri za mishoni za Livingstonia ndi Blantyre zimasungidwa ku National Library of Scotland ku Edinburgh, ulendo wa ola limodzi pa sitima kuchokera pamene uli, ndipo zimene zinalembedwa m'Chinyanja iwe ukhoza kuziwerenga wopanda womasulira. Pamene watenga mawu kapena ganizo la munthu wina, onetsa kumene walitenga. Kukopera ndi mlandu waukulu kumeneko, ndipo kupatsa makina a pa intaneti kuti akulembere ndi mlandu womwewo.

Sindikunyoza digiri ya ordinary. Ndi digiri yeniyeni, munthu amavala nayo gauni, ndipo kwa amene wadwala, kapena ndalama zamuthera, kapena ntchito ikumudikira kale, ndi njira yaulemu yotulukira. Imaposa kutali kuchoka ndi dipuloma ya zaka ziwiri. Koma uyenera kudziwa zimene ukusiya. Mapulogalamu ambiri a masitazi ku Britain amafuna honours ya 2:1. Thandizo la maphunziro la Commonwealth ndi la Chevening, limene Amalawi ambiri amapitira kunja, limayang'ananso mlingo womwewo. Kuno kwathu digiri ya ku University of Malawi, imene kale inali Chancellor College, ndi ya zaka zinayi, ndipo wolemba ntchito akaona ya zaka zitatu yopanda kalasi adzafuna kuti umufotokozere. Unandiuza wekha kuti umafuna kudzaphunzitsa pa yunivesite. Njira imeneyo imadutsa pa honours, ndipo kubwerera kukamaliza chaka chachinayi utachoka kale n'kovuta, makamaka kwa mwana wochokera kunja amene afunika viza yatsopano.

Ndikudziwa kuti chimene chikukuvuta ndi fizi. Ukuwerenga mapaundi n'kumawasandutsa makwacha, ndipo mtima ukukupweteka chifukwa cha ife. Zikomo mwana wanga, koma katundu ameneyo ndi wathu. Ine ndi amayi ako tinawerengera zaka zinayi kuyambira pachiyambi. Chimene sindifuna ndi chakuti uzigwira ganyu usiku kuti utipepukitse, n'kumasinza pa mabuku masana. Viza yako imalola maola 20 pa sabata nthawi ya sukulu, ndipo kupitirira apo ndi kuphwanya lamulo. Koma ngakhale 20 yomweyo ndi yambiri kwa munthu amene akufuna avereji ya B. M'miyezi ya November ndi March, pamene nkhani zolemba zimaunjikana, uchepetse. Ndipo ngati tsiku lina udzaganizadi zotsikira ku ordinary, usasaine kanthu usanaonane ndi a ofesi yothandiza ophunzira ochokera kunja, chifukwa kufupikitsa maphunziro kumakhudza viza.

Sabata yoyamba ya semesita upite kwa mlangizi wako wa maphunziro. Utenge pepala la magiredi ako a chaka chatha, ndipo umufunse zinthu zitatu: avereji imene phunziro lililonse mwa awiriwo likufuna kuti ulowe honours, makosi amene sungawadumphe, ndi tsiku lomaliza losinthira kosi ngati waona kuti siikukuyenera. Malamulo amasinthasintha, choncho umupemphe akuonetse a chaka chimene iwe unalowa, ndipo zimene akuuze uzilembe. Ukatero unditumizire chithunzi cha pepalalo pa WhatsApp kuti tidzaliwerenge limodzi Lamulungu. Amayi ako akuti ufa ndi usipa uja adzapatsira munthu amene akubwera kumeneko mwezi wamawa, ndipo akufunsa ngati jekete lija likukwanabe.

Ndine bambo ako wokukonda.