Kalata kwa mdzukulu wanga pa tsiku lake lobadwa

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Ndakusowa kwambiri, makamaka tsopano pamene ukukwanitsa zaka 7 uli kutali nane. Amayi ako andiuza kuti unalira chifukwa cha masamu, ndipo unanena kuti ulibe nzeru. Mawu amenewo andiwawa mumtima, mwanawe.

Tamvera za ntchito za agogo ako. M'mawa ndimaphunzitsa ana a Sitandade 3, ndipo kumeneko ndimafunika kuzindikira mwana amene wabwera osadya kanthu, ndiponso amene akungogwedeza mutu chonsecho sanamve. Masana ndikakhala pa makina osokera, nzeru imasamukira m'zala, moti zimadziwa zokha pamene nsalu ikufuna kukwinyika. Kumunda ndimayeza masentimita 75 pakati pa mizere ndi 25 pakati pa mapando a chimanga, koma choti dothi lanyowa mokwanira kudzala ndimachidziwa polifumbata m'manja. Loweruka ku kwaya ntchito imakhala ya khutu, ndipo pa zonsezi ndi imene inanditengera zaka zambiri kuti ndiidziwe bwino.

Dzana kunagwa mvula yamphamvu, ndipo itakata anamzeze awiri anayamba kumanga chisa pakhonde pathu, pamwamba penipeni pamene ndimasokera. Ndinaimitsa makina kuti ndiwaonerere. Mmodzi amatera pachithaphwi cha kuseri kwa khola, n'kutola kadothi ndi mlomo, n'kudzakamata pakhoma mosamala, mnzake ali kale panjira ndi kena. Dzuwa litakwera analeka, ndipo ndikuganiza kuti amadikira kuti pamene amatapo payambe pauma. Ndani anawaphunzitsa kudikira kumeneko? Ndinakumbukira ng'ombe zadothi zimene unaumba chaka chatha, za nyanga zofanana bwinobwino, zimene ndasunga pawindo mpaka lero. Mwana wopanda nzeru sangaumbe zotero, ndipo masamu nawonso udzawadziwa, pakuti ambiri a ana anga a kusukulu amayamba ndi kuwerenga timiyala ndi timitengo.

Kodi ukuumbabe? Kodi nyimbo ija ya m'kwaya ukuikumbukira? Dzino limagwedera lija linatuluka? Nanga ukugona m'neti usiku uliwonse? Udzudzu wachuluka ndi mvulayi, ndipo ndimada nkhawa ndikaganiza za malungo amene unadwala aja.

Uwapemphe amayi ako akuyeze m'chiuno ndi msinkhu, koma manambalawo uwerenge pa tepi ndi kulemba wekha, kuti ndiyambe kudula nsalu ya diresi lako la Khirisimasi.

Ndine agogo ako okukonda.