Kalata kwa Tadala, amene ndege yamusiya ku Abu Dhabi

Tadala mwana wanga,

Uthenga wako ndauona titangomaliza kudya. Amayi ako adandaula kuti nkhuku imene amakusungira ionanso dzuwa lina, koma ine sindinadandaule kwenikweni. Popeza a ndege akupatsa chipinda ndi chilolezo chotulukira pabwalo, ndipo yopita ku Johannesburg inyamuka mawa usiku, usataye tsiku lonse ukusinthasintha matchanelo. Kwera takisi upite ku mzikiti wa Sheikh Zayed. Kulowa ndi kwaulere, ungolembetsa pa intaneti usananyamuke.

Wafunsa ngati nkoyenera kuti iwe, wa kwaya ya mpingo, ukalowe mu mzikiti. Funso lomwelo linandigwira ine mu 2016, ndege yathu itachedwa komweko. Ndinakulira ku Mangochi, ukudziwa. Zaka zonsezo kuitanira swala ya m'bandakucha ndi kumene kunkandidzutsa kupita kusukulu, ndipo pa Idi mpunga wa anansi athu ndinkaudya mpaka kumasula lamba. Koma pakhomo pa mzikiti wawo, umene unali kuseri kwa nyumba yathu, sindinapondepo ngakhale kamodzi. Palibe anandiletsa. Ndinachita manyazi kuti zinatengera ndege yowonongeka, kudziko la eni, kuti ndivule nsapato pakhomo la Asilamu.

Ukafika udzayamba kuthobwa m'maso ndi kuyera kwa mabulo. Madenga ake ozungulira ngati miphika yovundikira alipo 82, zipilala zoposa 1,000, ndipo anthu oposa 40,000 amatha kuswaliramo nthawi imodzi. Zimenezo akakuuza okuperekezani. Chimene ndikufuna ukachiyang'anitsitse ndi kapeti ya m'chipinda chachikulu. Inalukidwa pamanja ku Iran, ndi amisiri oposa 1,000, mfundo imodziimodzi. Ine ndinaima pamenepo nkumaganiza za agogo ako aakazi, amene mkeka umodzi wa mlaza unkawadyera sabata yathunthu ndi kuwasiya zala zitatupa.

Panja, pambali pake, pali manda a Sheikh Zayed mwini, mtsogoleri woyamba wa United Arab Emirates. Anayambitsa ntchitoyo koma anamwalira mu 2004, mzikiti nkudzatsegulidwa mu 2007, iye atagona kale pomwepo. Pamandapo foni ilowe m'chikwama.

Tsono za kavalidwe, pakuti ndimakudziwa. Tsitsi lonse lifundidwe, manja a malaya aphimbe mikono yonse, siketi kapena buluku lifike mu akakolo, ndipo chisakhale chothina kapena choonekera mkati. Chitenje chija amayi ako amakukakamiza kuika m'chikwama cha m'manja, chimene umati nchachikale, mawa chikhala mpango wako. Alonda akakubweza kuti ukonze pena pake, usayambe milandu ya ku London ija. Kwa eni kulibe mkuwe.

Zithunzi jambula, amalola, koma osati zopindika chiuno ndi kutukula zala ngati uli ku Cape Maclear. Ukapeza munthu akuswali usamudutse kutsogolo, ndipo usamuloze ndi kamera. Ambiri amene ndinawaona tsiku lija analowa ndi kutuluka osachotsa diso pa foni. Anaiwala kuti nyumbayo ili ndi eni ake amene amagwadamo kasanu pa tsiku.

Upite chakumadzulo dzuwa litapepa, chifukwa la kumeneko limaposa la ku Nsanje mu Okutobala. Kukada amayatsa magetsi obiriwira ngati mtambo, amene amasintha motsatira kukula kwa mwezi. Koma usatengeke nawo mpaka kusiyidwa kachiwiri. Tchera alamu, pasipoti ikhale pathupi.

Azakhali ako akadzaona chithunzi chako utafunda kumutu, adzaimba foni kuno kufunsa ngati watembenuka. Ameneyo ndisiyire ine.

Loweruka tidzakhala tikukudikira pa Chileka. Ukapuma, tidzapite limodzi ku Mangochi. Pali mnzanga wa ubwana amene tsopano ndi shehe, ndipo wakhala akundiitana kwa zaka zambiri.

Ndine bambo ako.