Za kufanana mphamvu mu NFL, poti unafunsa

Aise,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ndi alamu komanso ana, kuno tilipo, dzuwa lokha ndiye likuotcha zosakhala bwino. Meseji yako ya pa WhatsApp ndinaiona koma zomwe unafunsazo si zoyankha ndi chala chimodzi uli mu minibasi, ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe bwinobwino. Ukuti anzako akuntchito ku London anakusokoneza ndi nkhani ya gemu ya Packers ndi Cowboys ija inatha 40-40 mu September 2025, iwe n'kumangogwedeza mutu ngati ukumva kkkk. Umafunsa ngati gemu ingathedi popanda wopambana. Ee, mu NFL, ligi ya mpira wa ku America wogwira ndi manja uja, matimu amatha kufanana mphamvu, koma aku America sazikonda m'pang'ono pomwe, ndipo akhala akusinthasintha malamulo zaka zambirimbiri kuti wina apezeke wapambana basi.

Iwalako kaye za mapenate, kumeneko kulibe. Mphindi 60 zikatha zigoli zili chimodzimodzi, makaputeni amabwera pakati pa bwalo, oyimbira amaponya khobidi m'mwamba, kaputeni wa timu ya alendo amatchula mbali, wopata amasankha kulandira mpira kapena kuupereka kwa anzake. Vuto lonse lagona pa khobidi limeneli. Kale lamulo linali loti woyamba kugoletsa wapambana, gemu yathera pompo, ngakhale kagoli ka field goal ka mapointi 3, komenya mpira ndi phazi n'kuudutsitsa pakati pa mapolo. Umu ndi mmene inathera fainolo ya 1958 ku Yankee Stadium, Baltimore Colts inagonjetsa New York Giants 23-17, mpaka lero madala akumeneko amaitama kuti gemu yoposa iyo kunalibe. Mu magemu a ligi wamba nthawi yoonjezerayi inadzayamba mu 1974, mphindi 15, kenako mu 2017 anaidula kufika pa 10 ati poteteza osewera kuti asamavulale kwambiri. Mphindi 10 zikatha popanda wopambana ndiye basi mwafanana mphamvu, aliyense amatenga theka la kupambana ndi theka la kugonja. Mu magemu ochotsana a kumapeto kwa sizoni (ma playoff) mokha ndi momwe amasewerabe mpaka wina agwe, pa Khrisimasi ya 1971 Dolphins ndi Chiefs anasewera mphindi 82 ndi masekondi 40.

Tsono taganiza, mwamenyana maola atatu, khobidi lagwera anzanu, iwo akankha mpira pang'ono chabe mpaka pomwe wokankha wawo angafikire, wamenya, gemu yatha, quarterback wanu, woponya mpira wamkulu wa timu, ali chikhalire pa benchi sanaugwire n'komwe mpira. Zinawachitikira a Vikings mu January 2010, Saints inawatulutsa 31-28 ndi field goal. Chaka chomwecho lamulo linasintha mu ma playoff, mu 2012 linafikanso mu ligi yonse, loti field goal ya timu yoyamba siimaliza gemu, anzawo apatsidwenso mpata. Koma touchdown, kufika ndi mpira kumapeto kwa bwalo la adani, anaisiya kuti izimalizabe. Ine ndimati anangochiza theka la matenda.

Ndipo anthu anaonadi. Super Bowl (fainolo ya NFL) ya February 2017 Falcons imatsogola 28-3, Patriots inabweza zonse, inapata khobidi, inagoletsa touchdown, 34-28, quarterback wa Falcons Matt Ryan osaugwira mpira. January 2019 Patriots yomweyo inachitanso zomwezo kwa Chiefs, 37-31, quarterback wa Chiefs Patrick Mahomes akungoyang'ana. A Chiefs anadandaula, anapempha kuti lamulo lisinthe, eni matimu anzawo sanazitengere. Chosekesa n'choti patatha zaka zitatu iwo omwewo ndi amene anadyerera lamulo lomwe ankalidalo. Gemu imeneyo ndi ya pa 23 January 2022 ndi Buffalo Bills, ukaipeza pa YouTube uonere ndithu. Bills inatsogola 36-33 kutatsala masekondi 13 okha, anthu aku Buffalo ayamba kale kukumbatirana, Mahomes anaponya kawiri kokha, Harrison Butker n'kumenya field goal, 36-36. Pa khobidi quarterback wa Bills Josh Allen anatchula mbali yolakwika, Chiefs inatenga mpira n'kuyenda nawo mpaka Travis Kelce anaugwira pakona, 42-36. Allen, amene anasewera ngati wadya mankhwala usiku umenewo, anangokhala pambali mpaka kutha. Phokoso lake linali lalikulu moti chaka chomwecho anakhazikitsa lamulo loti mu ma playoff matimu onse awiri azigwira mpira ngakhale woyamba agoletse touchdown, ndipo mu 2025 analifikitsanso mu magemu a ligi. Onse akagwirako n'kukhalabe ofanana, apo ndiye wogoletsa koyamba wapambana.

Lamulo latsopanoli linabweretsanso mutu wina. Ukapata khobidi, utenge mpira kapena uupereke? Wachiwiri amakhala akudziwa kale zomwe akufunika, ndiye amatha kuika moyo pachiswe pa down yachinayi, mpata wawo womaliza wopitira patsogolo mpira usanapite kwa adani. Mu Super Bowl ya February 2024 ku Las Vegas a 49ers anapata n'kusankha kuyamba, anangopeza field goal, Chiefs inabwera ndi touchdown ya Mecole Hardman, 25-22. Gemu itatha osewera ena a 49ers anavomera okha kuti lamulolo samalidziwa bwino, pomwe a Chiefs amati analikambirana kalekale. Usadzione wotsalira aise, ngakhale Donovan McNabb mu 2008 Eagles itafanana mphamvu 13-13 ndi Bengals ananena poyera kuti samadziwa zoti gemu ingathe choncho, munthu woti ndi quarterback wa zaka zambiri.

Imeneyo ndi mbali imodzi. Ina ndi ya pa tebulo la ligi, ndipo kwa ine iyi ndi yomwe imakoma kwambiri. Matimu alipo 32, aliyense amasewera magemu 17 okha, opita ku ma playoff ndi 14, ndiye kufanana pa tebulo kumachitika chaka ndi chaka. Ife kuno Bullets ndi Wanderers akafanana mapointi maso onse amathamangira pa kusiyana kwa zigoli, koma uko zigoli zili kumunsi kwenikweni kwa mndandanda. Ngati muli mu division imodzi (kagulu ka matimu anayi) choyamba amaona kuti mutakumana nokhanokha anapambana ndani. Zikafanana amaona mmene mwachitira mu division yanuyo, kenako magemu omwe nonse munasewera ndi adani ofanana, kenako mu conference (theka la ligi lomwe muli). Pambuyo pake pamabwera chinthu chachilendo, amawerengera kuti matimu omwe munawagonjetsawo anali amphamvu bwanji, ndiye umapezeka ukuchemerera timu yomwe unaikwapula mu October kuti ipambane mu January chifukwa ikukukweza iweyo. Zikakanikabe amaona kulimba kwa adani onse omwe munakumana nawo, ndiyeno zigoli, ma touchdown, ndipo pamapeto penipeni pa mndandandawo pali khobidi lomwe lija. Za wild card, malo a ma playoff a matimu omwe sanatsogole division yawo, n'zofananako, kungoti mukakhala atatu kapena anayi kukumana kwa nokhanokha kumagwira ntchito pokhapokha mmodzi atagonjetsa onse kapena atagonja kwa onse.

Kuti umvetse mmene mbali ziwirizi zimalumikizirana ndikuuze za pa 9 January 2022, gemu yotsekera ligi, Raiders ndi Chargers ku Las Vegas, kuno inali cha m'ma 3 koloko m'bandakucha. Masamu ake anali otere, wopambana alowa ma playoff limodzi ndi Steelers, wogonja apita kwawo. Koma akafanana mphamvu onse atatu akhala ndi 9-7-1 (kupambana 9, kugonja 7, kufanana mphamvu kamodzi), ndipo poti Raiders ndi Chargers onse anali atagonjetsa Steelers chaka chimenecho, awiriwo alowa, Steelers itsala. Anthu ankachita nthabwala kuti angogwirizana azigwada ndi mpira mpaka nthawi ithe. Sanatero, anamenyana zenizeni, Chargers inali kumbuyo 29-14 koma Justin Herbert anabweza mpaka 29-29 pa sekondi yomaliza. Nthawi yoonjezera aliyense anamenya field goal, 32-32, wotchi ikutha, Raiders ili ndi mpira koma ikuoneka kuti sikuthamangira kalikonse, ku Pittsburgh, kwawo kwa Steelers, anthu mitima ili m'mwamba. Kutatsala masekondi 38 kochi wa Chargers Brandon Staley anaimitsa wotchi, kenako Josh Jacobs wa Raiders anathamanga mayadi 10, Daniel Carlson n'kumenya kuchokera pa mayadi 47 nthawi ikutha, 35-32. Chargers kunja, Steelers mkati. Mpaka pano anthu amakanganabe ngati kuimitsa wotchi kuja ndi komwe kunadzutsa a Raiders. Ine ndimaona kuti chinawapha ndi kulephera kumugwira Jacobs, akanamugwetsa pompo mwina a Raiders akanangosiya wotchi ithe, chifukwa kumenya uli patali kwambiri mpira utha kutchingidwa anzako n'kuthawa nawo, n'kutaya malo omwe anali kale m'thumba.

Ndiye anzakowo akayambanso uwafunse kuti iwo atapata khobidi angatenge mpira kapena angaupereke, uone mmene akanganire mpaka lanchi ithe. Ine ndingaupereke mu ma playoff, koma mu ligi ndi mphindi 10 zokhazo ndingaganize kawiri, chifukwa woyamba atha kudya wotchi pafupifupi yonse n'kukusiyira nyenyeswa. Ndipo matimuwa poti amabwera chaka chilichonse kudzasewera ku Tottenham ndi ku Wembley, yesetsa upiteko kamodzi, unditumizire zithunzi. Ukapeza jezi ya Bills yotchipa nambala 17 usandiiwale, saizi ndi yomwe ija kungoti mimba yakula pang'ono.

Upereke moni kwa alamu ndi ana. Amayi akuti bwanji osaimba masiku ano, uwaimbire Lamulungu likubwerali asanandivutitsenso ine.

Ndine mnzako wakalekale.