Mabuku akale a mankhwala a m'Chiarabu atiphunzitse kulemba ndi kuyesa mankhwala athu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ya mabuku a zachipatala amene akatswiri a m'mayiko a Chisilamu adalemba pamanja m'Chiarabu zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Nkhaniyi ingaoneke ngati ili kutali ndi ife a kuno ku Kasungu, koma ikukhudza mmene tikusungira nzeru za mankhwala achikuda, komanso mmene timalekerera anthu kugulitsa mankhwala osadziwika bwino m'misika ndi m'mabasi.

Mmodzi wa akatswiriwa, Ibn Sina, adabadwa m'chaka cha 980 kufupi ndi Bukhara, m'dziko limene lero ndi Uzbekistan, ndipo adamwalira mu 1037 ku Hamadan. Buku lake lalikulu, al-Qanun fi al-Tibb, lili ndi magawo asanu, ndipo gawo lachiwiri limafotokoza mankhwala pafupifupi 800 ochokera ku zomera, nyama ndi miyala. Chimene chimandigwira mtima ndi chakuti asanayambe kutchula mankhwalawo, adayamba waika malamulo oyesera ngati mankhwala amachizadi. Adati mankhwala oyesedwa akhale oti sadasinthidwe ndi moto, kukhalitsa kapena kukhudzana ndi zinthu zina. Ayesedwe pa munthu amene akudwala nthenda imodzi, pakuti wodwala nthenda zingapo akachira, palibe angadziwe kuti mankhwalawo agwira pati. Woyesa aonetsetse nthawi imene mankhwala ayambira kugwira ntchito, ndipo zotsatira zake zioneke mwa odwala ambiri, chifukwa kuchira kwa munthu mmodzi kungakhale kongochitika mwamwayi. Adatinso zimene zaoneka pa mkango kapena pa hatchi sizitsimikizira zimene zidzachitike m'thupi la munthu. Madokotala a lero amayamba kuyesa pa nyama pofuna kuteteza moyo wa anthu, ndipo amachita bwino, koma nawonso savomereza mankhwala asanayesedwe pa anthu.

Tsono munthu amene waimirira m'basi ya ku Lilongwe ndi botolo limodzi lopanda dzina, n'kumalengeza kuti limachiza shuga, kuthamanga kwa magazi, zilonda za m'mimba ndi kusabereka, angayankhe bwanji atafunsidwa mafunso amenewa? Muli chiyani m'botolomo? Mlingo wake ndi wotani kwa mwana kapena kwa mayi woyembekezera? Adamwa ndi angati, ndipo amene sadachire ali kuti?

Katswiri wina ndi Ibn al-Baytar, wa ku Malaga m'dziko la Spain, amene adayenda kumpoto kwa Africa akufufuza zomera, nakhala mkulu wa odziwa zitsamba kwa mfumu ya ku Egypt, ndipo adamwalira ku Damascus mu 1248. M'buku lake adalembamo mankhwala ndi zakudya pafupifupi 1,400. Pa chomera chilichonse ankatchula dzina la munthu amene adanena mfundo iliyonse, kaya ndi Mgiriki monga Dioscorides kapena Mwarabu mnzake, ndipo akapeza kuti am'mbuyo adasokoneza zomera ziwiri zofanana, ankakonza.

Sindikunena kuti zonse za m'mabukuwa ndi zoona, ndipo munthu asadzipatse mankhwala pongowerengamo. Olemba ake ankakhulupirira kuti matenda amabwera mitundu inayi ya madzi a m'thupi ikasokonekera, ndipo ankakonda kuchotsa odwala magazi, zimene sayansi idazikana. Koma popeza zidalembedwa, zidatheka kuzitsutsa. Ibn al-Nafis, dokotala wa ku Cairo amene adamwalira mu 1288, adawerenga zimene Ibn Sina ndi Galen, dokotala wakale wa Chigiriki, adaphunzitsa, zoti magazi amadutsa m'timabowo ta khoma la pakati pa mtima, ndipo adalemba poyera kuti timabowo timeneto kulibe, magazi amadzera m'mapapo. Mfundo yakeyi idakhala yosadziwika kwa ambiri mpaka mu 1924, pamene dokotala wina wa ku Egypt adapeza zolembazo m'laibulale ya ku Berlin. Nalo gawo la buku lotchedwa al-Hawi, la dokotala wina wa ku Persia dzina lake al-Razi, lokopedwa pamanja mu 1094, likusungidwabe ku National Library of Medicine ku America. Al-Razi yemweyo ndiye adafotokoza momveka bwino kusiyana kwa nthomba ndi chikuku.

Kwathu kuno agogo amene amadziwa kuti khungwa la muwawani limatengedwa bwanji, kapena kuti muzu wakutiwakuti ukachuluka umapweteka, akamwalira amapita nazo zonse. Mitengo nayonso ikutha chifukwa cha makala ndi nkhuni zochizira fodya, moti mwana wokulira ku Chamama kapena ku Santhe lero sadziwa maina a mitengo yambiri imene makolo ake ankaidalira. Alipo amene adalembako, monga Jessie Williamson amene adatulutsa buku la zomera zothandiza za m'dziko muno mu 1955, koma zoterezi zili m'Chingerezi, ndipo eni nzeruzo ambiri sangaziwerenge kuti aone ngati zidalembedwa molondola.

Pempho langa likupita ku sukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ya KUHeS, kwa akatswiri a zomera a ku National Herbarium ku Zomba, ndi ku bungwe loona za mankhwala la PMRA. Akhale pansi ndi asing'anga a m'maboma monga Kasungu, alembe m'Chichewa dzina la chomera chilichonse, mbali imene imagwiritsidwa ntchito, kakonzedwe, mlingo ndi kuopsa kwake, kenako zimene zikupereka chiyembekezo ziyesedwe mwasayansi. Mashehe athu odziwa Chiarabu angathandize kumasulira malamulo a Ibn Sina aja m'Chichewa kuti awerengedwe pa wailesi ndi pa misonkhano ya asing'anga.

Ndikudziwa kuti asing'anga ambiri amakana kuulula mankhwala awo poopa kuti ophunzira adzawabera n'kulemera nawo, ndipo mantha amenewa ali ndi chifukwa. N'chifukwa chake ntchitoyi isayambe popanda mgwirizano wolembedwa, wonena kuti dzina la mwini nzeru ndi mudzi wake zidzaikidwa pa mfundo iliyonse imene wapereka, ndi kuti mankhwalawo akadzafika pogulitsidwa, iye kapena ana ake adzalandira gawo lawo.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Kasungu.