Ndadikira chikho zaka 17, chabwera koma alamu anga sakundiyankhulanso

Zikomo agogo,

Ndine bambo wa zaka 33, ndimasoka zovala pa Luchenza kuno ku Thyolo, ndili pabanja ndipo tili ndi mwana mmodzi wamwamuna wa zaka 4. Nkhani yangayi ena aiona ngati yachibwana poti yayambira ku mpira koma ine tulo sindikutiona, nde chonde muwerenge mpaka kumapeto musananditaye.

Kwathu kuno ndine wa Manoma, kunjaku ndimasapota Tottenham. Timu imeneyi ndinayamba kuikonda mu 2008 ndili Fomu 2, tsiku lomwe inathidzimula Chelsea 2-1 mu fainolo ya Carling Cup, tinaonera mu kanyumba ka vidiyo titakhala pa mabenchi a matabwa, Berbatov anachinya penate kenako Woodgate nkudzamaliza ndi mutu. Ndinatuluka mmenemo mtima utapita basi. Sindinkadziwa kuti chikho chotsatira ndidzachiona ndili ndi mkazi ndi mwana.

Amene satsatira mpira sangamvetse mmene zimawawira. Mu 2019 Lucas Moura atachinya zigoli zitatu ku Ajax mu semifainolo ya Champions League, chomalizacho nthawi itatheratu, ine ndinagwada pa dothi nkumati Mulungu watikumbuka. Fainolo ija ku Madrid anthu tisanakhazikike nkomwe refu waloza kale penate, Salah nkuchinya, Liverpool 2-0, ndinatha masiku awiri nsima isakutsika. Mu 2021 fainolo ina tinaluza kwa Man City. Mu 2023 Harry Kane nkutithawa kupita ku Bayern. Kunonso Manoma titatenga ligi mu 2017 Bullets inabwera nkuitenga kasanu motsatizana, nde ine kulikonse ndinali munthu wosekedwa.

Amene ankandiseka kwambiri ndi alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga. Iwowa ndi a Man United komanso Maule, amapanga kabaza wa njinga yamoto pa Luchenza pomwepa nde tsiku lililonse timaonana. Mudziwenso agogo kuti ine ndine mkamwini, nyumba ndinamanga pa malo a kwawo kwa mkazi wanga, ndipo alamuwa ndiwo mwinimbumba, mwana wanga akadwala kapena nkhani iliyonse ikagwa pakhomo amayamba kumva ndi iwowo. Zonyogodolana pachilamu ndi zachikhalire ndipo zambiri ndinkangoseka nawo, amati akadutsa pa shopu panga amaimitsa njinga nkukuwa kuti alamu sokani chikho cha nsalu muzikaika pa tebulo. Zimenezo sizinkandipweteka.

Chinandipweteka ndi chimodzi. Sabata ija titaluza kwa Liverpool mu 2019, nthawi imeneyo tinali titatha zaka zinayi m'banja opanda mwana, mkazi wanga akungolira usiku, tayenda m'zipatala ndi m'mapemphero momwe. Tili pa bawo anthu ali tho, alamu anati, alamu angawa paliponse sachinya, ku timu kuli zii kunyumbanso kuli zii. Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Inenso ndinaonetsa mano koma mkatimu munatentha. Sindinamuuze mkazi wanga, sindinauze aliyense, ndinangozikwirira mumtima, ngakhale mwana atabadwa mu 2021 mawu aja sanachoke.

Koma ndisawaipitse, ndi munthu wabwino. Mashini anga oyamba osokera ndalama yake anandibwereka ndi iwowo, sanandikakamize kubweza msanga. Usiku womwe mkazi wanga matenda ake anayamba, mvula ikugwa, anabwera ndi njinga yawo nkumutengera kuchipatala, ine ndikuthamanga pambuyo. Chaka chatha banja lawo linatha, anabwerako ku chikamwini mbali ya ku Mulanje ndi kachikwama kokha, ana awo awiri anatsala komweko, panopa amagona mu kanyumba kakang'ono kuseri kwa nyumba ya apongozi. Nkhani ya ana awoyo pakhomo palibe amaitchula poti tonse timadziwa kuti ndi chilonda.

Nde sizoni ya 2024/25 mu ligi tinali pamavuto, nambala 17, magemu 22 oluza, koma mu chikho cha Europa League zinthu zinkangoyenda. Titachotsa Eintracht Frankfurt ndi penate ya Solanke ndinangoti mwina, titachotsa Bodø/Glimt mu semifainolo ndinayamba kuopa chifukwa ndimaidziwa timu yanga, imakufikitsa pakhomo nkukutsekera chitseko. Fainolo nkukhala ya ife ndi United, timu ya alamu.

Linali Lachitatu pa 21 May, gemu ku Bilbao, kuyamba 9 koloko usiku, kunja kukuzizira kwabasi mmene kumachitira kuno miyezi imeneyi. Tinapita limodzi pa njinga yawo, ine kumbuyo nditavala jezi yoyera pamwamba pa juzi, mnjira tikuseka bwinobwino. Mu holo munadzaza a United okhaokha, a Tottenham tinalipo atatu. Hafu yoyamba itatsala pang'ono kutha Brennan Johnson anaukhudza mpira, unangogubuduzika pang'onopang'ono nkulowa, sindinakuwe nkomwe, ndinangogwira benchi. Hafu yachiwiri sindinaionere ngati munthu, mtima unkagunda mpaka m'makutu, manja kunjenjemera, pomwe Van de Ven anauluka nkuchotsa mpira pa mzere penipeni ine ndinali nditatseka kale maso poganiza kuti walowa. Refu ataimba wezulo yomaliza miyendo inafooka, ndinakhala pansi pa simenti nkuyamba kulira ngati pamaliro, ndikuona kaputeni wathu Son nayenso akulira, zaka 17 agogo.

Ndili chilirire choncho ndinamva mawu a alamu kumbuyo kwanga, akuti taonani munthu wamkulu akulilira kachikho ka osauka, timu ya nambala 17. Sanatukwane ayi, ndi zomwe zija za masiku onse, mwinanso zinkawawawa kuti aluza. Koma ine sindikudziwa chinandigwira nchani, mawu a pa bawo aja anangobwera onse, ndinaimirira nkunena mokweza holo yonse ikumva kuti bola ine ndadikira ndapeza changa, chikho ndili nacho mwana ndili naye, inu anakupirikitsani ku chikamwini ngati galu, ana anu pano akuitana mwamuna wina kuti adadi.

Mu holo munangoti zii. Alamu anandiyang'ana nthawi yaitali, sanayankhe kanthu, anatenga chipewa chawo cha njinga nkutuluka, ndinangomva njinga ikulira kunja. Ndinayenda wapansi kupita kunyumba, ulendo wa pafupifupi ola lathunthu mumdima kudutsa m'minda ya nandolo, mame akunyowetsa buluku, ndipo mnjira monsemo za chikho sindinaziganizenso.

Kutacha mkazi wanga anakazimva pa mjigo. Anabwera nkutula ndowa pakhonde osandiyang'ana, kenako anati, bambo a mwana, mpira ndi umene unakupatsani malo omanga nyumbayi? Achimwene anakulakwirani chani choti mukawavule pagulu? Ndinangokhala chete. Apongozi aakazi sanandiyankhule, anangotumiza mawu kwa ankhoswe a mbali yanga kuti mwana wanu watukula mwendo pamudzi pano, akhale pansi aganize bwino. Mawu amenewo kwa mkamwini mukudziwa tanthauzo lake.

Ndinayesa kupepesa. Tsiku lachitatu ndinalawira m'mamawa ndinawapeza akupukuta njinga, ndinakhala chonjuta nkuti alamu ndinalakwa, pakamwa panandithawa, mundikhululukire. Anangoti palibe nkhani, nkuliza njinga kumapita. Kuyambira pamenepo pa shopu panga sakuimanso, amadutsa nkhope ili kumbali, pa WhatsApp anandibuloka. Chomwe chikundiswa mtima kwambiri ndi mwana wanga, m'mawa uliwonse amathamangira kwa amalume ake, iwo amamunyamula nkumukhazika pa thanki ya njinga, kumupatsa nthochi, sanamusinthire ngakhale pang'ono, koma ine ndikangotulukira pakhomo amamutsitsa nkulowa mnyumba. Dzana mwanayu wandifunsa kuti adadi bwanji amalume sakukutengani pa njinga, ndinasowa chomuyankha.

Pano papita masabata awiri. Jezi ija ili pa msomali sindinaivalenso, anzanga akunditumizira mavidiyo a Son akukweza chikho, ndikatsegula ndimangoona nkhope ya alamu mmene anandiyang'anira muja nkutseka foni. Chinthu chomwe ndinachilakalaka kuyambira ndili mwana wasukulu chabwera ndipo sindinachikondwerere ngakhale usiku umodzi.

Pandivuta ndi apa agogo. Mkazi wanga ndi abale ake onse akundiona ngati munthu wankhanza amene anangodzuka nkubaya mnzake pachilonda chifukwa cha mpira, za pa bawo zija sakuzidziwa. Ndikawauza ndikuopa zinthu ziwiri, ndimukumbutsa mkazi wanga zaka zija ankalira usiku nkumuuzanso kuti mchimwene wake yemwe ankatiseka pagulu, nde ndidanitsa munthu ndi mlongo wake, komanso zioneka ngati ndikudzilungamitsa pomwe ndikudziwa ndithu kuti zomwe ndinanenazo ndi zoipa, zinakhudza ana osalakwa. Koma ndikapitiriza kukhala chete pa bwalo la ankhoswe ndikaoneka wolakwa ndekha ndipo alamu sadzadziwa kuti nawonso anandivulaza, mwinanso anaiwala kalekale kuti ananenapo zotero. Mnzanga wina wa ku tchalitchi akuti ndikawapeze awiriwiri ndiwauze zonse kuyambira pa bawo, wina akuti ayi madzi akatayika saoleka, ndingogula nkhuku ndipite ndi ankhoswe ndikagwade basi osatchula zakale.

Nde ndithandizeni, ndiwauze alamu za mawu awo aja kapena ndife nazo? Mkazi wanga ndimuuze kapena ayi? Ndipo ankhoswe akakumana Loweruka likubwerali ndikayambire pati poti munthu amene ndinamulakwirayo ndi yemweyonso amene ayenera kukaweruza nkhani za pakhomo panga? Mkazi wanga akutinso ndisiyiretu kuonera mpira, ndipo ngati zimenezo ndi zomwe zingabweze mtendere ndili wokonzeka ngakhale zikundiwawa, koma ndikuona ngati ngakhale nditasiya lero alamu sangaime pa shopu panga mawa.

Ine wosowa mtendere,
Luchenza, Thyolo